Anzanga a gofu, tisamenye mpira ndi mapewa okha

Anzanga amene timakumana pa bwalo la gofu kuno ku Mzuzu, mapewa athu akundidetsa nkhawa. Ambirife tikagwira driver, ndodo yaitali yomenyera mpira patali ija, timafuna mpira ukagwe kutali, ndiye mphamvu zonse timazitsitsira paphewa. Ntchito ya phewa si imeneyo ayi.

Mphamvu ya swing, kuzunguza ndodo pomenya mpira, imayambira pansi. Mapazi aponde nthaka, chiuno chitembenuke, thunthu litsatire, phewa lingolandira n'kupatsira mkono ndi ndodo. Amene munawazapo nkhuni mukudziwa: ukamawaza ndi manja okha chipika sichisweka, koma usiku ndiwe wobuula.

M'kati mwa phewa muli timinofu tinayi timene achipatala amati rotator cuff: supraspinatus, infraspinatus, teres minor ndi subscapularis. Pamene mutu wa fupa la mkono umakhala m'posazama, n'chifukwa chake mkono umazungulira mbali zonse, ndipo timinofu timeneti ndi timene timaugwira kuti usagwedere ndodo ikamatsika ndi liwiro. Okoka mwamphamvu ndi minofu ikuluikulu ya pachifuwa ndi ya m'mbali mwa msana. Tikasenzetsa tating'onoti katundu wa ikuluikuluyo, timatupa, mwinanso kung'ambika. Kwa osewera ndi dzanja lamanja, lovutika kawirikawiri ndi phewa lamanzere, poti ndodo ikakwera m'mwamba mkono wamanzere umapingasa pachifuwa n'kulipanikiza.

Aphunzitsi a gofu amati mapewa atembenuke pafupifupi madigiri 90, chiuno 45. Koma munthu wakhala pampando mu ofesi sabata yonse, msana wauma gwa. Kutembenuka kukakanika amangonyamula manja m'mwamba, iye n'kumati watembenuka.

Ndiye pali kuzizira kwathu kuno. M'mawa wa June kapena July, chifunga chili tolo, udzu uli chinyontho, munthu angotsika m'galimoto, avule jekete, yomweyo wabaya tee, kamtengo koikapo mpira poyamba kumenya. Osatenthetsa thupi ngakhale pang'ono! Ine zimenezi zimandiwawa kuona. Mphindi khumi zokha n'zokwanira: zunguzani manja, yambani ndi ndodo yaifupi mofatsa. Kunyumba mangani chubu chakale cha njinga pachitseko, chigongono chikhale chogunda nthiti, muzikoka pang'onopang'ono kunja ndi m'kati. Sizifuna ndalama.

Tiwaganizirenso ma caddie athu, anyamata otinyamulira zikwama za ndodo. Malamulo amalola ndodo 14 m'chikwama, ife n'kuwonjezeramo ambulera, mabotolo amadzi ndi mipira yambirimbiri, mnyamata n'kusenza zonsezo paphewa limodzi mpaka mahole 18 athe. Chepetsaniko katundu, ndipo muwauze azisinthasintha phewa.

Ngati phewa likukudzutsani usiku mukaligonera, kapena mukulephera kufikira chinthu pamwamba pa kabati, musangomeza mapiritsi n'kubwerera pabwalo Loweruka. Pitani akakuoneni a physio, achipatala oona za minofu ndi mafupa, phewalo lisanafike poipa.