Akuti ndakatulo ya pa Facebook ndi yosindikizidwa kale

Abale magazini a zolembalemba awa atitopetsa. Munthu ulembe ndakatulo yako bwinobwino, uikonze usiku magetsi atathima ukuwunikira ndi tochi ya foni, ukati uitumize ukupeza lamulo loti sitilandira zomwe zinatulukapo kale, ndipo ngakhale unangoiponya pa Facebook anzako asanu okha nkupanga like, kwa iwowo basi yasindikizidwa. Nanga ife tiziwerengerana kuti? Kuno ndakatulo zimayenda pa wailesi, pa siteji, mmagulu a WhatsApp, ndiye ukasunga mu kope kudikira magazini anthu akuiwala kuti umalemba.

Kenako ndalama yowerengera. Ambiri akunja amafuna madola atatu kuti angotsegula fayilo yako, atatu okha eti, koma kulipira kwake ndi khadi ya banki, ndi mmene forex ikuvutiramu khadi ikukana, Mpamba kapena Airtel Money sazidziwa nkomwe, mpaka upemphe msuweni wa ku Johannesburg akulipilire ndipo iyeyo ayamba wafunsa kuti kodi zimenezi zimabweretsa ndalama?

Ukatumiza khala pansi, miyezi sikisi ziii. Ena amaletsanso kutumiza kwina nthawi yomweyo, ndiye kankhani kako kangokhala pa mzere ngati galimoto yodikira petulo. Yankho likabwera ndi mizere iwiri yomwe atumizira aliyense, zikomo potiganizira koma sizikugwirizana ndi magazini yathu ulendo uno. Sizikugwirizana pati? Mutu, mathero, chilankhulo? Olo chiganizo chimodzi chosonyeza kuti munthu anawerengadi, ayi ndithu. Pansi pake nkuikanso linki yoti ugule magazini yawoyo, madola enanso.