Zigawenga zimakwirira poizoni, koma amazituma ndani?

Pakati pa mizinda ya Naples ndi Caserta ku Italy pali dera lomwe anthu amalitcha Terra dei Fuochi, kutanthauza dziko la moto. Dzinali linabwera chifukwa cha utsi wakuda bii wa matayala, nsanza ndi zotsalira za m'mafakitale zomwe zimawotchedwa m'mphepete mwa minda. Kwa zaka zambiri zigawenga za Camorra, makamaka gulu la Casalesi, zinkakumba maenje n'kukwiriramo migolo ya mankhwala apoizoni, pamwamba n'kufotsera dothi. Mlimi n'kubwera ndi khasu lake kudzadzala ndiwo pafupi pomwepo.

Nkhaniyi ikabuka timathamangira kutukwana zigawengazo, ndipo n'zoona, ndi anthu oipa mtima. Koma poizoniyo sanaipange ndi Camorra ayi. Yambiri inkachokera m'mafakitale olembetsedwa bwinobwino a kumpoto kwa Italy. Kutaya zinthu zoterezi motsatira lamulo n'kodula, ndiye zigawenga zinkazitenga pamtengo wozizira, pamapepala n'kulemba kuti ndi zinyalala wamba. Bwana wa fakitale wosayina mapepalawo ankadziwa kuti mtengo wotero sungatheke popanda chinyengo. Kwa ine ameneyu ndiye mwini mlandu, chifukwa popanda ndalama zake palibe akanakumba dzenje.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti boma linauzidwa. Mu 1997 Carmine Schiavone, yemwe kale anali m'gulu la Casalesi, anaulula zonsezi kwa komiti ya nyumba ya malamulo, n'kuchenjeza kuti anthu adzatha ndi khansa. Mawu akewo anabisidwa mpaka 2013. Zaka 16 zathunthu, amayi akulera ana pafupi ndi maenjewo osadziwa kanthu! Mu Januwale 2025 khoti la ku Strasbourg loona za ufulu wa anthu ku Ulaya linagamula kuti Italy inalephera kuteteza miyoyo ya anthu a m'derali.

Zoterezi zinachitikanso ku Abidjan, mzinda waukulu wa ku Côte d'Ivoire. Mu 2006, zinyalala zapoizoni zochokera m'sitima ya Probo Koala zinakhuthulidwa usiku m'malo osiyanasiyana a mumzindawo, anthu oposa 100,000 n'kukhamukira kuzipatala. Mkulu wa kakampani ka komweko komwe kanazitaya anapatsidwa zaka 20 kundende. Kampani yaikulu yamalonda a mafuta ya Trafigura, yomwe inabwereka sitimayo, inalipira boma la Côte d'Ivoire madola pafupifupi 198 miliyoni, koma osavomera mlandu.