Mwaiwala chikwanje cha asilikali athu ku Burma

Nkhani yanu ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Burma (lero Myanmar) ndaiwerenga yonse, ndipo mwayamikira kwambiri kukri, mpeni wokhota uja wa asilikali a Gurkha a ku Nepal, ngati kuti ndi wokhawo udagwira ntchito m'nkhalango za ku Burma. Nanga chikwanje mwachisiyiranji? Mu 1944 asilikali a King's African Rifles, gulu la asilikali a mu Africa omenyera nkhondo Britain, ena mwa iwo ochokera kuno ku Malawi (nthawi imeneyo Nyasaland), adadutsa m'chigwa cha Kabaw pansi pa gulu lalikulu la nkhondo lotchedwa 11th East African Division mpaka kukafika ku mtsinje wa Chindwin, mvula ikuvumba usana ndi usiku. Aliyense mfuti paphewa, chikwanje m'chiuno.

Kunena zoona, chikwanjecho chinkadya nsungwi kuposa anthu. Amalambulira nacho njira, kudula nsungwi zomangira msasa ndi thandala logonapo kuti asagone m'matope, ngakhale kuyala mitengo pamsewu kuti galimoto zisatitimire. Nsungwi yaiwisi ukaiboola pamfundo nthawi zina umapezamo madzi akumwa, ndipo imaphikanso mpunga ukaitsamiritsa pamoto. Munthu amene wakula akuswa nacho mphanje kumudzi sankafunika kuphunzitsidwa kagwiridwe kake, apa mzungu ndiye anali wophunzira.

Pa za matenda mwangodutsapo, pomwe ku Kabaw malungo ndi kamwazi zinkagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo za a Japan. Asilikaliwo ankamwetsedwa mapiritsi a mepacrine oteteza ku malungo tsiku ndi tsiku. Misundu nayo inkalowa mpaka m'nsapato, ndipo ankaichotsa poiotcha ndi ndudu, chifukwa kuizula ndi zala ankati kumasiya bala losapola msanga m'chinyontho chotere.

Mukadzalembanso, ikanimo chithunzi cha asilikali athuwo, zilipo.