Kuyenda wapansi ku Old Town ndi chilango

Kodi anandinamiza ndani kuti Old Town imakoma kuiyenda wapansi? Dzulo ndinati ndinyamuke ku Area 3, ndiwoloke mlatho wa mtsinje wa Lilongwe mpaka kumsika waukulu, uku ndikuona mashopu akale ndi mzikiti uja. Ndinaonako chiyani? Mapazi anga okha. Ukangodzutsa mutu, walowa m'ngalande yosavundikira.

Njira ya oyenda pansi ilipo, eya, koma mwadzaza kaunjika, tomato, machaja a foni ndi galimoto ya bwana winawake. Ukatsikira mumsewu, wakabaza akukuimbira huta ngati unamubera nkhuku. Kufika pa Malangalanga, oitanira akukukoka mkono: "Mayi, Kawale! Mchesi! Watsala mmodzi!" Ndakuuzani kuti ndili pa ulendo ine? Fumbi lili kobo, dzuwa likuswa mtengo, dzanja lili gwa pachikwama kuopa anyamata a zala zazitali aja. Ndiye mbiri ya mzinda uione ndi maso ati?

Lilongwe anakhala likulu mu 1975, koma oyenda pansife mpaka lero ndife alendo osaitanidwa. Pobwerera ndinakwera minibasi, anayi pampando umodzi, ndipo kondakitala ndinamuthokoza.