Inu ojambula anzanu pakhomo la msonkhano wa osiya mowa, lekani

Sabata yatha pa gulu lathu la WhatsApp la kuno ku Kawale panatumizidwa chithunzi. Anali mwana wa mlongo wanga, bambo wa ana atatu, akutuluka m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi komwe anthu ofuna kusiya mowa amakumana madzulo. Wojambulayo analemba pansi kuti zidakwa nazo zayambitsa mpingo wake. Munaseka, ena mwa inu a imvi ngati ine ndemwe. Mnyamatayo anali atatha miyezi inayi osalawa. Loweruka lapitali tinakamutola ku shabini ku Mchesi, nsapato imodzi palibe, malipiro onse atathera m'midoli.

Ndikufunseni ana anga, mwapindulapo chiyani?

Munthu uyu pamene ankagona m'ngalande, ana akusowa ndi ya phala yomwe, palibe anatulutsa foni kuti afunse komwe angamutengere. Lero wadzuka yekha, wakagogoda pakhomo pomwe pali thandizo, mpamene mwaona kuti pali nkhani. Zochititsa manyazi! Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mowa susankha nyumba. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma uchidakwa sunachoke nawo limodzi. Kachasu akutchezedwabe, timabotolo tikugulitsidwabe pa mtengo woti ngakhale wa kabaza akwanitsa asanadye nkhomaliro.

Mwina simudziwa chimene chimachitika m'kachipinda kaja, ndiye mverani. Simulalikidwa, simugawidwa ndalama, ndipo simulipiritsidwa. Anthu amakhala mozungulira, aliyense n'kutchula dzina lake loyamba lokha, n'kunena mmene tsiku lamuthera. Wina anena kuti wadutsa pa Bwandilo malipiro ali m'thumba, miyendo ikufuna kukhota, koma wafika kunyumba. Wina avomera kuti dzulo wagwa, ndipo palibe womuloza chala, chifukwa onse anagwapo. Njira imeneyi inayamba mu 1935 ku Akron, m'dziko la America, pamene amuna awiri ogonja ku mowa, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, anaona kuti chibaba chimachepa akamalankhulana okhaokha. Ndiwo anayambitsa Alcoholics Anonymous, ija ambiri amangoti AA, yokhala ndi masitepe 12 oti munthu azitsata posiya mowa. Salonjeza kuti sadzamwanso mpaka imfa. Amangoti lero lokha sindimwa, mawa n'kudzanenanso chimodzimodzi. Chimene chimagwira zonsezi ndi chinsinsi: amene wamuona mmenemo ndi zimene wamva umazisiya momwemo. Inu mukajambula mmodzi, mwathamangitsa khumi amene amafuna kudzalowa sabata yamawa.

Ndili nanunso mawu inu achibale, pakuti kusasamala kwina kumachokera m'chikondi. Ndamva mabanja akuti tamutsekera m'chipinda masiku atatu kuti mowa umuchoke. Musayerekeze. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka, akasiya mwadzidzidzi thupi limamuukira. Manja amanjenjemera moti kapu ya tiyi imatayikira pa malaya, thukuta kamukamu usiku wonse, tulo osabwera. Ena amagwa n'kumaphupha ngati akhunyu, ena pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu amayamba kuona zinthu zomwe palibe, n'kumakuwa kuti pakhoma pakuyenda tizilombo. Apa ambiri mumathamangira kunena kuti walodzedwa. Sanalodzedwe, ndi matenda, ndipo amapha. Wotere apite kaye kuchipatala akamuchotse mowa m'thupi madokotala akumuyang'anira, msonkhano ubwere pambuyo. Pemphero ndi labwino, ine ndemwe ndimapemphera, koma pempherani muli pa mzere wa kuchipatala.

Tsono ngati mukufunadi kuthandiza, Lilongwe si mudzi wosowa kolowera. Pa chipatala cha Bwaila pali mbali yoona za matenda a maganizo. Ku Area 43 kuli a St John of God, omwe amathandiza odwala maganizo ndi ovutika ndi mowa komanso mankhwala ozunguza bongo. Mukafika m'malo amenewa funsani opereka uphungu mosabisa kuti kodi anthu osiya mowa amakumana kuti, tsiku liti, nthawi yanji. Funsaninso abusa, ansembe kapena ashehe akwanu, koma muwafunse pambali, osati pa zolengeza. Sankhani gulu lomwe munthuyo angafikeko wapansi kapena ndi minibasi imodzi, chifukwa ya thiransipoti ikasowa pakati pa mwezi, ulendo umathera pomwepo. Gulu loyamba likapanda kumukomera ayese lina. Ndipo wina akakuuzani kuti ali ndi mankhwala othira m'chakudya mobisa oti munthu adane ndi mowa tsiku limodzi, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Amene anajambula chithunzi chija ndikumudziwa, mayi ake ndinkapita nawo limodzi ku chigayo. Sindimutchula pano. Achifufute, ndipo abwere kunyumba tidzakambirane.

Mwana wa mlongo wangayo wavomera kubwerera Lachinayi. Ndimuperekeza ndekha, ndipo pamene iwo ali mkati, ine ndidzakhala pa benchi ya panja mpaka atuluke.