Miyala ya ku Masvingo ndi mapanga a kwathu ku Dedza

Msuweni wanga wobadwira ku Zimbabwe anandifunsa funso lomwe mpaka lero silinandichoke m'mutu. Iyeyu ndi mwana wa amalume amene anapita ku Harare pa nthawi ya chitaganya n'kukachona konko. Tsiku limenelo ananditenga kukaona mabwinja a Great Zimbabwe, kufupi ndi tauni ya Masvingo, ndipo titaima pansi pa khoma lalikulu lija anati, m'Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona: "Asuweni, dzina la dziko lino linachokera pa miyala iyi. Nanga la Malawi linachokera kuti? Malo akewo mumapita kukawaona?"

Ndinayankha msanga kuti linachokera ku ufumu wa Maravi. Za kupitako ndinangoti zii. Ndine mwana wa ku Dedza, koma ndinali ndisanapondeko ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la a Kalonga, m'boma lathu lomwelo.

Khoma la ku Great Zimbabwe munthu ukaliyandikira umayamba walikhudza usanalankhule. Miyala yake ndi yosemedwa ngati njerwa, yosanjikizidwa popanda matope kapena simenti, ndipo penapake khomalo limatalika mamita 11. Kuzungulira mpanda waukuluwo ndi mamita pafupifupi 250. Pali kanjira kopapatiza pakati pa makoma awiri, koti mapewa amangotsala pang'ono kukhudza uku ndi uku, kozizira ngakhale dzuwa lili paliwombo. Ukatulukira kutsogolo umapeza nsanja yowulungika, yofanana ndi nkhokwe ya chimanga, yodzaza miyala yokhayokha mpaka pamwamba. Mzindawu unamangidwa pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1400, ndipo ofukula zakale anapezamo mapale a mbale za ku China ndi ku Persia komanso ndalama yachitsulo ya ku Kilwa.

Chomwe chinandigwira mtima kuposa miyalayo ndi ana asukulu. Anabwera pa basi, atavala yunifolomu, makope m'manja, mphunzitsi patsogolo. Mbalame yosema yomwe ankaiona m'nyumba yosungiramo zakale pamalopo ndi yomweyo imene amaiona tsiku lililonse pa mbendera ya dziko lawo. Mwana wotero sangafunse ngati makolo ake anachitapo kanthu.

Kunyada kumeneku Azimbabwe anakuvutikira. Mjeremani Karl Mauch atafika pamalopo mu 1871 anafalitsa zoti ndi nyumba ya mfumukazi ya ku Sheba. Azungu a m'dzikomo anaikonda nkhaniyo chifukwa imatanthauza kuti munthu wakuda sangamange chotere. Richard Hall, amene anapatsidwa udindo woyang'anira malowo mu 1902, anakumba n'kutaya dothi lochuluka lomwe munali umboni wa eni ake enieni. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula mosamala, onse n'kupeza kuti omanga anali anthu a kuno ku Africa. Komabe boma la Rhodesia linkakakamira bodza lija, moti katswiri wina, Peter Garlake, anachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana kubisa zoona. Choncho pamene dzikolo linkatenga dzina lakuti Zimbabwe mu 1980, kunali kulanda chinthu chomwe anawabera kawiri, malo ndi mbiri yomwe. Mbalame zosema zija, zomwe zodziwika zilipo 8, zina zinabwezedwa kuchokera ku South Africa ndipo chidutswa china chinachokera ku Germany mu 2003. Imodzi ikadali ku Groote Schuur, nyumba yakale ya Cecil Rhodes ku Cape Town. UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1986.

Njira ya Azimbabwe ili ndi chilema chake, ndipo ndisachibise. Pamalopo pali mpanda wa waya, geti ndi tikiti. Mabanja a Nemanwa, Mugabe ndi Charumbira, amene akhala mozungulira phirilo kwa mibadwo ndipo aliyense amati ndi malo a makolo ake, akhala akudandaula kuti kuthira nsembe kumafuna chilolezo cha boma. Miyala yasungika bwino, koma ine ndinamva ngati ndalowa m'nyumba yosesedwa imene eni ake anaitulukamo.

Kwathu zinthu n'zotembenuka. Mapiri a Chongoni, omwe analowa pa mndandanda womwewo wa UNESCO mu 2006, ali ndi malo 127 a zojambula za pamiyala. Zofiira, za mizere ndi timadontho ndi zozungulira, amati anajambula ndi Akafula, alenje amene makolo athu anawapeza kuno. Zoyera anajambula ndi Achewa, ndi dothi loyera, chala chili burashi. Zina n'za chinamwali cha atsikana, zina n'za nyau. Ku Mphunzi, ku Chentcherere ndi ku Namzeze ndi kumene alendo amakonda kufika.

Nditabwerako ku Masvingo ndinakwera phiri la Mphunzi ndi azakhali anga, amene m'mudzi mwawo ndi namkungwi. Pansi pa thanthwe lopendekeka panali chithunzi choyera, chachikulu, chonga chikopa cha nyama choyanika, miyendo ili tambalale, thupi lonse madontho. Ine ndinafunsa kuti kodi ndi ng'ona kapena buluzi. Azakhali anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Mwana wa achimwene, izi si zofunsa amuna. Atsikana akalowa m'tsimba amauzidwa." Sanawonjezere kanthu, ndipo ine sindinafunsenso. Yankho lotere ku Great Zimbabwe sungalimve, pakuti za tanthauzo la nsanja ija akatswiri amangoganizira. Ku Chongoni eni ake a tanthauzo alipo, amalima m'munsi mwa phiri, amavina gule pa maliro ndi pa chizangala. UNESCO yomwe inatchula zimenezi monga chifukwa chachikulu cholembera malowa: miyambo ya zojambulazo ikadali ya moyo.

Koma pambali pa chithunzi chomwecho panali mayina a anthu olembedwa ndi makala, ena ndi choko, wina mpaka anaika chaka chimene anabwera. Mitengo yomwe inkatchinga dzuwa ndi mvula pa thanthwelo yambiri inasanduka makala ndi nkhuni. Zinandiwawa kwambiri. Sindikuloza chala anyamata a m'mudzi, chifukwa ine ndemwe ndinaphunzira sukulu yonse ya pulayimale mapiriwo ndikuwaona pawindo, osatengedwako ngakhale tsiku limodzi. Tinkaloweza za mapiramidi a ku Egypt ndi za khoma la ku China. Mwana amene sanauzidwe kuti ichi n'chamtengo, akapeza makala alembapo basi.

Ena amati vuto lathu ndi loti makolo athu sankamanga ndi miyala. N'zoona, nyumba za a Kalonga zinali za mitengo, dothi ndi udzu, ndipo chiswe ndi mvula zinatenga zake. Komatu mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Dr Yusuf Juwayeyi atafukula ku Mankhamba anapeza mikanda ya galasi yochokera kutsidya la nyanja, mapale a mbale za ku China, zinthu za mkuwa ndi zidutswa za minyanga ya njovu. Ndiye kuti malonda a ku nyanja ya mchere omwe analemeretsa mafumu a ku Zimbabwe anafikanso pa bwalo la Kalonga. Kusiyana kwake n'kwakuti za anzathu zimaoneka uli patali, zathu zili pansi pa minda ya chimanga. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, ndi kanyumba ka udzu kamene kamamangidwanso kakagwa, ndipo kakhala choncho kwa zaka mazanamazana. Wofuna khoma lalitali angadutse osakaona. Kukhalitsa kwake kuli m'manja mwa anthu amene amabwera kudzakamanganso.

Apa ndi pamene a ku Zambia amatiposa. Iwonso alibe mzinda wa miyala. Chodziwika chawo kunja ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, omwe amagawana ndi Zimbabwe ndipo analembedwa mu 1989. Zojambula za m'mapanga ali nazo ku chigawo cha kum'mawa, monga ku Thandwe ndi ku Mkoma, ndipo zoyerazo n'zofanana ndi za ku Dedza, pakuti ojambula ake anali amodzi malire asanabwere. Chimene anachita bwino n'kusandutsa mwambo kukhala chipilala. Kumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakhamukira ku Mkaika, m'boma la Katete, ku mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Mafumu amanena za m'madera mwawo, anamwali amatuluka, zilombo zimabwera kuchokera kudambwe fumbi lili koboo. Mu Febuluwale Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa Nc'wala, ndipo kumadzulo Alozi ali ndi Kuomboka. Gule wamkulu yemwe, pamene UNESCO inkamulengeza mu 2005, inamulemba ngati wa mayiko atatuwa pamodzi. Ndimakondwa kuona basi zathu zikupita ku Mkaika. Chimandidandaulitsa n'chakuti ambiri mwa okwerawo sadziwa kuti Undi woyamba ananyamukira ku Mankhamba pokakhazikika ku Mano, m'dziko la Mozambique la lero. Timadziwa kumene ulendo unafikira, poyambira pake tinapaiwala.

A ku Zambia amasamalanso zinthu zazing'ono za dzulodzuloli. Kanyumba ka nambala 394 ku Chilenje, mu Lusaka, momwe Kenneth Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962, anakasunga ndipo ana amakaona. Chigaza cha munthu wakalekale chomwe chinapezeka mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921 chili ku London, ndipo boma lawo lakhala likuchiitanitsa osatopa.

Mozambique ndiye ili ndi mtolo wolemera mwa mtundu wina. Chilumba cha Ilha de Moçambique, chomwe chinalembedwa mu 1991, n'chachifupi, makilomita atatu okha m'litali, ndipo umafikako pa mlatho wautali wopapatiza. Vasco da Gama anaima pamenepa mu 1498, ndipo chilumbachi chinali likulu la Apwitikizi m'dzikomo mpaka 1898. Katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte, ka mu 1522, kamatchulidwa kuti ndi nyumba yakale kwambiri ya azungu kummwera kwa dziko lapansi imene ikadali chiimire. Linga la São Sebastião anayamba kulimanga mu 1558. Kumpoto kwa chilumba kuli tauni ya miyala ndi laimu. Kummwera kuli tauni ya makuti, ya nyumba zofolera ndi masamba a kokonati, yomwe inakhala m'munsi mwa msewu chifukwa m'menemo ndi mmene ankakumba miyala yomangira nyumba za mabwana. Ukaima pa msewu n'kuyang'ana madenga ali pansi pako, mbiri yonse ya chilumbacho waiwerenga popanda buku.

Amozambiki akanatha kugwetsa zonsezi atalandira ufulu mu 1975, poti ndi zomanga za atsamunda. Anazisiya, ndipo anthu akukhala momwemo, akuphika, akuyanika nsomba, akupemphera m'mizikiti ndi m'matchalitchi. Nyumba zambiri zikugumuka, mitengo ya nkhuyu ikumera m'makoma, ndipo namondwe wa Gombe mu 2022 anawonjezera mabala. Ngakhale zili choncho, ine njira yawo ndimaipatsa ulemu pa chinthu chimodzi: sanabise za ukapolo. Pachilumbapo pali munda wa chikumbutso cha akapolo amene anakwezedwa zombo. Chombo cha São José, chomwe chinamira pafupi ndi Cape Town mu 1794 chitanyamula akapolo mazanamazana, chinanyamukira pomwepa. Nkhani imeneyi ndi yathunso, chifukwa njira za amalonda a Chiyao zochokera ku nyanja yathu zinkathera ku gombe limeneli ndi ku Kilwa, atasenza minyanga, kenako anthu. Ife mbali yathu ya njirayo tili nayo: mtengo wa ku Nkhotakota pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe, mabwinja a Fort Lister pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, a Fort Mangochi. Ndi angati mwa ife amene anafikako?

Sindikunena kuti kwathu kulibe ogwira ntchito. Ku Mua kuli Kungoni, yomwe bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo zigoba za gule zomwe zasungidwa kumeneko n'zochuluka zedi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, anthu akupempheramo mpaka lero. Nyumba ya Mandala ya mu 1882 ili chilili. Phiri la Mulanje linalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2025, kutsatira Lake Malawi National Park ya mu 1984 ndi Chongoni. Koma taonani kuti nyumba zomwe timathamangira kuonetsa mlendo ndi za amishoni ndi amalonda a ku Scotland. Za a Kalonga, za Makewana ku Msinja, za Mbona, timazitchula pa mayeso okha.

Kwa Azimbabwe ndikanatengako basi ya ana asukulu ija, geti ndi waya n'kuwasiyira. Kwa a ku Zambia ndikanatengako tsiku loikika pa chaka, loti anthu adziwe kuti lero tikupita ku Mankhamba kapena ku Chentcherere. Kwa Amozambiki, kulimba mtima konena zowawa. Chathu chomwe sindingasinthanitse ndi khoma lililonse ndi azakhali aja, okana kundiuza tanthauzo la chithunzi chifukwa mwambo wake ukugwirabe ntchito. Wosunga Chongoni ayambe wakhala pansi ndi anamkungwi, akuluakulu a kudambwe ndi mafumu, ndipo ndalama ya mlendo izioneka m'mudzi, kuti woteteza mtengo wa pa thanthwe asagone ndi njala pomwe wootcha makala wadya.

Msuweni uja akubwera chaka chino kudzamanga nawo chiliza cha agogo. Ndamuuza kuti awonjezere masiku awiri. Tsiku loyamba tikakwera Mphunzi ndi azakhali. Lachiwiri titsika msewu wa Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, tikakhotere ku Mtakataka, tikapereke moni kwa amfumu, tiwapemphe munthu woti atilondolere ku Mankhamba. Ana anga awiri ndawauza kale kuti akonzeke, tipitira limodzi.