Chenjezo kwa osunga makompyuta akale kuno ku Chigwa cha Shire

Ana anga, inu amene mumayang'anira makompyuta m'maofesi ndi m'masukulu kuyambira ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje, ndaona mphwayi zimene pa msinkhu wangawu sindingazilekerere. Makina amene mudalandira zaka zapitazo mukuwagwiritsa ntchito osawachitira update (kulandira zigamba zokonzera zolakwika m'mapulogalamu) ngakhale kamodzi, ndipo munthu akakufunsani mumati bandulo ndi yodula, kapena mumati palibe choopsa poti mlendo mumangomupatsa akaunti yaing'ono yopanda mphamvu. Yankho lachiwirili ndi limene likundiwawa, chifukwa likusonyeza kuti simukudziwa pamene mbala imalowera.

Pulogalamu imapatula kamalo koikapo zimene munthu walemba, kotchedwa buffer, ndipo kamaloko kali ndi malire ake. Ngati wolemba pulogalamuyo adaiwala kuyeza kuchuluka kwa zolowamo, munthu wa mtima woipa amathiramo zochuluka mwadala mpaka zisefukire m'malo oyandikana nako ndi kusintha zimene kompyuta imayenera kuchita. Ife a kuno za kusefukira sitichita kuuzidwa. Tidaona mu 2015, tidaonanso ndi Freddy mu 2023, kuti madzi akapitirira gombe salekera m'munda umodzi. Tsono timapulogalamu tina takale, monga sudo wa pa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, ngati Windows), timagwira ntchito ndi mphamvu za root, yemwe ndiye mwini makina onse, ngakhale wotitsegulayo akhale munthu wamba. Kusefukirako kukachitikira m'menemo, wa akaunti yaing'ono uja amasanduka mwini nyumba, ndipo angathe kuwerenga malipiro a antchito, kusintha malikisi a ana, ndi kufufuta mapazi ake pochoka.

Musaganize kuti ndikukusimbirani nthano. Mu Januwale 2021 akatswiri a kampani ya Qualys adaulula bowo lotere mu sudo, nalitcha Baron Samedit, ndipo zidadziwika kuti lidakhala m'menemo kuyambira mu 2011 popanda wolizindikira. Aliyense wokhala ndi akaunti pa makinawo ankatha kufika pa root popanda kudziwa pasiwedi ya woyang'anira. Patangotha chaka adapezanso vuto la mtundu woyandikana nalo mu pkexec, kapulogalamu kena ka pa Linux, lomwe lidalipo kuyambira mu 2009. Onse awiri adakonzedwa kalekale, koma chigambacho chimafika kwa okhawo amene amachita update. Kompyuta yanu ikhoza kumayaka bwinobwino m'mawa uliwonse, komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Inunso a Windows 7 musaseke anzanu, pakuti Microsoft idasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020. Ndipo amene mumati makina anu sali pa intaneti, kumbukirani kuti mbala iyi sichokera kutali: ndi uja amakhala pampando womwewo masana, kapena mphwanu amene mumamulola kulowetsa fulashi yake Loweruka. Gulani bandulo mwezi uno muchite update, tsekani maakaunti a anthu amene adasiya ntchito, ndipo makina amene sangalandirenso update musasungemo zinsinsi za anthu.